Magemu okopera, mitengo yokwera ndi ma remake: mafunso ndi mayankho

Kodi kukopera gemu osalipira n'kuba?

Pamaso pa lamulo ndi mlandu, ngakhale dzina la mlanduwo si kuba ayi, koma kuphwanya ufulu wa mwini ntchito. Ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo gemu ndi pulogalamu. Mnyamata wobena magemu pamsika n'kumalipiritsa ali pa mlandu womwewo ndi wobena nyimbo.

Pa nkhani ya chikumbumtima, ife sitiika onse m'dengu limodzi. Pali wokopera gemu yatsopano ya kagulu ka anthu atatu kamene kakudikira ndalamayo kuti kalipire lendi. Pali wokopera gemu imene mwini wake anasiya kugulitsa zaka 15 zapitazo. Palinso amene ali ndi ndalama m'thumba koma sitolo ikukana dziko lake. Woyambayo alibe ponamizira. Mu 2013 abale awiri a kampani ya Greenheart Games anatulutsa Game Dev Tycoon pa madola 8 okha, ndipo anaikanso dala kope laulere pa malo okoperapo. M'kope limenelo kampani ya wosewerayo inkagwa chifukwa anthu a m'gemumo ankakopera magemu ake. Tsiku loyamba, oposa 93 pa 100 alionse amene ankasewera anali ndi kope laulerelo, ena mpaka kumadandaula kuti akuberedwa. Apa simunganene kuti vuto linali mtengo.

N'chifukwa chiyani gemu imodzi ikufika madola 70, ina 80?

Mtengo wa madola 60 unakhazikika cha mu 2005 ndi 2006, nthawi ya Xbox 360 ndi PlayStation 3, ndipo unakhala osasuntha kwa zaka pafupifupi 15. Mu 2020, NBA 2K21 ya pa PlayStation 5 ndi Xbox Series X inatsegula chitseko cha madola 70, Sony n'kutsatira. Nintendo inafikapo mu 2023 ndi The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom, kenako mu June 2025 inagulitsa Mario Kart World pa madola 80.

Makampani amapereka zifukwa ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Choyamba, dola nayonso inatha mphamvu: madola 60 a mu 2005 akufanana ndi oposa 90 a lero. Chachiwiri, kupanga gemu yaikulu kwadula koopsa. Zikalata zimene zinaululika pa mlandu wa boma la America ndi Microsoft mu 2023 zinaonetsa kuti The Last of Us Part II inadya madola 220 miliyoni, Horizon Forbidden West madola 212 miliyoni.

Zimene satchula ndi izi: ogula achuluka kuposa kale, magemu ambiri sakufunanso disiki, bokosi, lole kapena wogulitsa m'sitolo, ndipo madola 70 aja nthawi zambiri ndi a pakhomo chabe. Mukalowa mupeza zigawo zina zogula padera, zovala za osewera, ndi mtundu wa madola 100 wokulolani kuyamba masiku atatu anzanu asanayambe. Gemu ya wosewera mmodzi yomalizika bwino tingaivomere pa madola 70. Koma yolipiritsa pakhomo n'kumapemphanso ndalama m'kati tsiku ndi tsiku, imeneyo ikudya kawiri.

Pa ndalama imene ndalipira, opanga gemuyo amalandira zingati?

Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, imatenga 30 peresenti, ndipo PlayStation, Xbox ndi Nintendo zimatenga pafupifupi chimodzimodzi pa masitolo a pa makina awo. Kuyambira mu 2018 Steam imatsitsa gawo lake kufika 25 peresenti gemu ikadutsa madola 10 miliyoni, ndi 20 peresenti ikadutsa 50 miliyoni, kutanthauza kuti wamng'ono ndiye amadulidwa kwambiri. Epic Games Store inayamba ndi 12 peresenti. Pa madola 70, sitolo ikatenga 30 peresenti, ndiye kuti 21 apita kwa mwini sitolo. Otsalawo amayamba afika kwa kampani yofalitsa, imene imabweza kaye ndalama imene inaika, opanga enieni n'kulandira pambuyo.

Bwanji sagulitsa motchipa m'mayiko amene anthu amapeza zochepa?

Ena amatero. Steam imalola wofalitsa kuika mtengo wosiyana m'dera lililonse, ndipo ku South Africa munthu amaona mtengo m'ma rand. Koma wofalitsa sakakamizidwa kutsitsa, ndipo makampani akuluakulu kawirikawiri satsitsa magemu atsopano. Chinanso chinasokoneza ndi anthu a m'mayiko olemera amene ankanamiza sitolo kuti ali ku Argentina kapena ku Turkey kuti agule motchipa. Mu November 2023 Steam inasiya ndalama za mayiko awiriwo n'kuika madola, mitengo ya magemu ambiri n'kukwera. Amene anapsa ndi eni dziko.

Kwa wa ku Malawi masamu ake ndi owawa. Mwezi womwewo wa November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mu 2024, dola ili pa K1,700 ndi kanthu ku banki, gemu ya madola 70 inali pafupifupi K120,000, pamene malipiro ochepetsetsa ovomerezeka anali K90,000 pamwezi. Ndipo ngakhale ndalamayo muli nayo, khadi la ku banki likhoza kukanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Pa mndandanda wa mayiko potsegula akaunti ya PlayStation, Malawi palibe, n'chifukwa chake ambiri amalembetsa ngati a ku South Africa, Britain kapena America.

Vutoli linaonekera poyera mu May 2024. Sony inalengeza kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta ayenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation, ndipo gemuyo inachotsedwa pa Steam m'mayiko ndi madera oposa 170 kumene akauntiyo kulibe. Osewera atachita phokoso Sony inabweza mawu pa za akauntiyo. Gabe Newell wa kampani ya Valve, mwini wa Steam, ananenapo mu 2011 kuti kukopera kumabwera kwambiri chifukwa chosatumikiridwa bwino, osati mtengo. Ife tikuti theka la mawuwo ndi loona. Kuno zonse ziwiri zimaluma limodzi.

Kodi gemu ya crack ingaononge kompyuta yanga?

Ingathe, ndipo njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Crack ndi fayilo yosinthidwa kuti gemu isafunse ngati munalipira. Pulogalamu yoteteza ku mavairasi imaikayikira pafupifupi nthawi zonse, choncho malangizo ake amakuuzani kuti muzimitse chitetezo ndipo muipatse mphamvu za administrator. Apa mwatsegulira mlendo chitseko, mwamanganso galu wanu.

Mu 2021 kampani ya Avast inaulula vairasi yotchedwa Crackonosh imene inkabisala m'makope a Grand Theft Auto V, NBA 2K19, Pro Evolution Soccer 2018 ndi Far Cry 5. Inkayatsanso kompyuta mu Safe Mode, mmene chitetezo chambiri sichigwira ntchito, n'kuchichotsa, kuzimitsa Windows Update, kenako n'kuika pulogalamu yokumba ndalama za pa intaneti zotchedwa Monero. Makompyuta oposa 220,000 anagwidwa, ndipo eni vairasiyo anapeza pafupifupi madola 2 miliyoni ndi magetsi a eni makompyutawo.

Zizindikiro zake: fani ikulira pamene simukuchita kanthu, laputopu ikutentha, batire ikutha msanga, Windows Security sikutseguka. Ena mwa mavairasiwa amadziimitsa mukangotsegula Task Manager, choncho mukamva fani ikungoti zii nthawi yomweyo, kayikirani. Oopsa kwambiri ndi amene sapanga phokoso konse: amangotenga mapasiwedi osungidwa mu Chrome, kulowa pa Facebook ndi pa imelo, n'kumapita.

Zikachitika, chotsani intaneti, sungani zithunzi ndi zolemba zokha popanda fayilo iliyonse ya .exe, ikaninso Windows mwatsopano mutafufuta zonse, ndipo musinthe mapasiwedi pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, kuyambira ndi ya imelo. Kungochotsa gemuyo sikuthandiza, vairasiyo inasamuka kale.

Pa makina othyoledwa loko kuti aziseweretsa magemu okopera, monga PlayStation ya jailbreak, vuto ndi lina: mukawalumikiza ku maseva a kampani, akhoza kutsekeredwa kunja mpaka kalekale, pamodzi ndi akaunti yanu. Pogula makina a kaunjika, yambani mwalowa nawo pa intaneti ndalama isanachoke m'manja.

Denuvo n'chiyani, ndipo bwanji olipira ndi amene amaidandaula?

Ndi loko wa magemu wochokera ku Austria, amene anayamba kugwira ntchito mu 2014. Gemu ikayaka koyamba imafuna intaneti kuti itenge chilolezo chomangirira ku kompyuta yanuyo. Mukasintha purosesa, kapena nthawi zina Windows ikangosintha, imafunanso intaneti. Imalola makompyuta asanu okha pa maola 24. Kwa munthu amene bandulo yamuthera ndipo akufuna kusewera yekha usiku, zimenezi si zazing'ono.

Za kuchedwetsa gemu zimadalira mmene anaiikira. Mu 2021 Resident Evil Village ya pa kompyuta inkadodoma pomenya adani, pamene kope lochotsedwa maloko linkayenda bwino, mpaka Capcom, kampani yoipanga, inakonza. Olipira anali ndi katundu woipa kuposa osalipira. Makampani ambiri amachotsa Denuvo pakapita miyezi kapena zaka, ndipo tsamba la gemu pa Steam limanena ngati ilimo.

Ndikagula gemu pa intaneti, ndi yanga?

Ayi. Mwagula chilolezo choisewera. Kuyambira mu October 2024 Steam imalemba zimenezi poyera musanalipire, boma la California litakhazikitsa lamulo loletsa masitolo kunena kuti "gulani" osafotokoza.

The Crew ya Ubisoft ndiyo chitsanzo chimene aliyense amatchula. Inatuluka mu 2014, inasiya kugulitsidwa mu December 2023, ndipo maseva ake anazimitsidwa kumapeto kwa March 2024. Popeza inkafuna intaneti ngakhale posewera wekha, ngakhale amene anali ndi disiki anatsala ndi pulasitiki chabe. Nkhaniyi inabala gulu la Stop Killing Games, limene pempho lake ku European Union linadutsa masiginecha 1 miliyoni mu 2025.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati gemu ikupezeka pa GOG, sitolo imene inayamba mu 2008 ndipo imagulitsa magemu opanda loko, gulani kumeneko. Lowani mu laibulale yanu, sankhani gemuyo, ndipo mutenge mafayilo a offline backup installer. Mupeza fayilo imodzi ya .exe ndi ena a .bin, lililonse osapitirira 4GB. Onse akhale mu foda imodzi, musasinthe mayina, apo ayi kuikako kuima panjira. Sungani pa hadi diraivu yapadera. Imeneyo mudzaiika pa kompyuta iliyonse popanda intaneti, sitoloyo ikhalepo kapena ayi.

Nanga gemu imene sikugulitsidwanso paliponse?

Pa lamulo idakali ndi mwini, ndipo chitetezocho chimatha patapita zaka makumimakumi. Mawu oti abandonware, kutanthauza gemu imene mwini wake anaisiya, ndi a osewera, si a khoti.

Koma apa ndi pamene ife timalephera kudzudzula wokopera. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti 87 peresenti ya magemu amene anatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike sakugulitsidwanso. Masitolo a Nintendo 3DS ndi Wii U anatsekedwa mu March 2023, ya Xbox 360 mu July 2024. Kampani imene yakana ndalama yanu siingatinso mwailanda ndalama, ndipo magemu ambiri akale alipo lero chifukwa wina anawakopera.

Emulator payokha, pulogalamu yotsanzira makina akale, inapambanapo m'khoti ku America mu 2000 pa mlandu wa Sony ndi Connectix. Zimavuta ikamathyola loko wa makina amene akugulitsidwabe. Opanga Yuzu, yotsanzira Nintendo Switch, anavomera mu March 2024 kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Kusewera gemu ya PlayStation 2 ya mu 2003 ndi kusewera ya Switch yotuluka sabata yatha si nkhani imodzi, ngakhale njira yake ikufanana.

Port, remaster ndi remake zimasiyana bwanji?

Port ndi kusamutsa gemu yomweyo kupita pa makina ena, monga Red Dead Redemption ya mu 2010 imene inafika pa PlayStation 4 ndi Switch mu 2023 pa madola 50. Remaster ndi nyumba yomweyo yopakidwa penti ndi kuikidwa malata atsopano: zithunzi zowala, kuyenda kosalala, koma maziko ndi akale. Remake ndi kugwetsa nyumba n'kumanganso pa pulani yakale. Resident Evil 2 ya mu 1998 inali ndi kamera yoima pamalo amodzi m'chipinda chilichonse. Ya mu 2019 inaika kamera paphewa pa wosewera, zimene zinafuna kumanganso makonde, adani ndi kawomberedwe. Final Fantasy VII ya mu 1997 anaigawa patatu, ndipo gawo loyamba la mu 2020 linatambasula mzinda wa Midgar, umene kale unali wa maola ochepa, kukhala gemu yathunthu.

Musadalire dzina la pa bokosi. Palibe lamulo lonena kuti mawuwa agwiritsidwe ntchito bwanji.

Zimatheka bwanji kuti remaster ituluke yoipa kuposa yakale?

Njira zake ndi zinayi, ndipo zimabwerezabwereza.

Yoyamba ndi kutayika kwa mafayilo oyambirira. Makampani a m'ma 1990 ndi 2000 sankasunga bwino ntchito ikatha. Opanga Silent Hill HD Collection ya mu 2012 anapatsidwa mafayilo osamalizika, n'kumakonzanso zolakwika zimene anzawo anali atakonza kale zaka khumi m'mbuyomo. Nkhungu ya mu Silent Hill 2 inachepa, ndipo malire a dziko la gemuyo amene nkhunguyo inkabisa anaonekera.

Yachiwiri ndi yomweyi ya nkhungu. Opanga akale ankabisa kufooka kwa makina ndi mdima, utsi ndi kusaoneka bwino kwa TV ya chubu. Mukawalitsa zonse, mwavula gemu. Mu Grand Theft Auto: The Trilogy ya mu November 2021, munthu akakwera pamwamba ankaona dziko lonse la San Andreas nthawi imodzi, n'kuzindikira kuti ndi kadziko kakang'ono. Mvula inkatchinga maso moti sunkaona msewu, ndipo zikwangwani zina zokulitsidwa ndi makina zinatuluka ndi zilembo zolakwika. Rockstar, mwini magemuwa, inapepesa, n'kubwezeretsa magemu akale a pa kompyuta amene inali itawachotsa.

Yachitatu ndi nyimbo ndi magalimoto. Chilolezo chake chimakhala cha zaka zowerengeka. Chikatha, nyimbo zimachotsedwa, monga zinachitikira Grand Theft Auto IV mu 2018, kapena gemu yonse imasiya kugulitsidwa, zimene zimachitikira kwambiri magemu a mipikisano ya magalimoto.

Yachinayi ndiyo yotikwiyitsa: kuchotsa yakale kuti yatsopano igulidwe. Warcraft III: Reforged ya mu January 2020 inalowa m'malo mwa pulogalamu yakale ngakhale kwa amene sanaigule, ndipo zinthu zina zimene osewera anali nazo kwa zaka zambiri zinasowa.

Kodi remake ndi yoyenera mtengo wathunthu?

Funsani zinthu zitatu: papita zaka zingati, kaseweredwe kasintha, ndipo yakale ikupezekabe? Resident Evil 4 ya mu 2023 inabwera patatha zaka 18, inasintha kamenyedwe ndi mpeni, ndipo ya mu 2005 ikugulitsidwabe motchipa. Imeneyo tilibe nayo mawu. The Last of Us inatuluka mu 2013, remaster yake mu 2014, remake mu 2022 pa madola 70, nkhani yomweyo, ndipo popanda gawo losewera ndi anzako limene loyamba linali nalo. Ntchito yake ndi yokongola, koma kwa amene anasewera kale ndi ya kudikira itsike mtengo. Crash Bandicoot N. Sane Trilogy ya mu 2017 inali magemu atatu omangidwanso pa madola 40, ndipo mpaka lero ndi muyeso wabwino.

Makiyi otchipa ndi maakaunti ogawana amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook ndi odalirika?

Kiyi ndi nambala imene mumalowetsa m'sitolo kuti gemu ilowe mu akaunti yanu, ndipo makiyi ena a pa misika yongogulitsana amagulidwa ndi makadi a ku banki akuba. Mwini khadi akadandaula, banki imabweza ndalama, wopanga gemu amalipira chindapusa, kiyi wanu n'kuthetsedwa. Mu 2020 G2A, umodzi mwa misika yotereyi, inalipira opanga Factorio madola 39,600 zitatsimikizika kuti makiyi 198 akuba anagulitsidwa pa msika wake.

Akaunti yogawana imayenda chonchi: wogulitsa amagula gemu kamodzi, n'kugulitsa malo olowera kwa anthu angapo. Imelo ndi pasiwedi zimakhalabe zake. Tsiku limene wasintha pasiwedi, kapena kampani yatseka akauntiyo, gemu imaoneka ndi kaloko ndipo mulibe kodandaula, popeza malamulo a sitoloyo munawaphwanya ndinu.

Samalaninso ndi makadi a ndalama a PlayStation. Khadi la America siligwira pa akaunti ya South Africa, dziko la akaunti silisinthika mukatsegula, ndipo zigawo zogula padera ziyenera kugwirizana ndi dera la disiki yanu.

Ndiye wopanda ndalama zambiri asewere bwanji mwachilungamo?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Magemu ambiri amatsika ndi theka kapena kuposa pakatha chaka kapena ziwiri, kupatula a Nintendo amene satsika kawirikawiri. Steam imagwetsa mitengo kwambiri kumapeto kwa June ndi kumapeto kwa December; ikani gemu pa wishlist, adzakutumizirani imelo ikatsika. Epic imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo mu May 2020 inapereka Grand Theft Auto V. Simufunika kuidawuniloda tsiku lomwelo, ingoitengani ikhale mu akaunti. Disiki ya kaunjika ndi yovomerezeka, ndipo mukamaliza mumagulitsanso. Steam imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 ndipo simunasewere maola awiri, choncho maola awiriwo muyesere ngati kompyuta yanu ikukwanitsa, osati kusankha tsitsi la wosewera.

Kuno nthawi zina bandulo imadula kuposa gemu; Red Dead Redemption 2 imafuna malo a 150GB. Ngati mnzanu ali ndi gemu yomweyo pa Steam ndipo inunso mwaigula pa akaunti yanu, kutenga mafayilo kwa iye ndi kololedwa. Tsekani Steam pa makompyuta onse awiri. Koperani foda ya gemuyo kuchokera mu steamapps/common, pamodzi ndi kafayilo ka appmanifest kokhala ndi nambala ya gemuyo kamene kamakhala mu steamapps. Hadi diraivu ikhale ya NTFS kapena exFAT, chifukwa FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB. Ikani zonse pamalo omwewo pa kompyuta yanu, tsegulani Steam, pitani pa Properties, Installed Files, kenako Verify integrity of game files. Idzangotenga zochepa zimene zikusowa.

Gemu ya mpira ndiyenera kugula chaka chilichonse?

Ngati mumasewera ndi anzanu pa mpando umodzi, ayi. Kusintha kwa chaka chimodzi nthawi zambiri ndi mayina a osewera, mayunifolomu ndi tina tochepa, ndipo gemuyi imatsika mtengo patangopita miyezi ingapo. Dumphani chaka chimodzi kapena ziwiri. Dziwani chabe kuti maseva a zakale amazimitsidwa, ndipo pamene dzina la FIFA linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, EA inachotsa magemu akale a FIFA m'masitolo a pa intaneti, moti wofuna FIFA 19 lero ayenera kusaka disiki. Wokonda PES ali ndi eFootball, imene yakhala yaulere kuyambira mu 2021 ndipo ilipo pa foni, pa kompyuta ndi pa PlayStation, koma mbali zake zambiri zimafuna intaneti.